Asilikali a M'firiji

Mmisiri anakoka chitseko chapamwamba cha firiji ndi manja awiri, koma chinangolira ngati fupa, osatseguka. Analowetsa sikuludiraiva m'mphepete n'kuyamba kutokosa. Tizidutswa ta ayezi tinkagwera pansapato zake.

"Mayi, umu mwamera phiri," anatero. "Munaizimitsa liti komaliza?"

Amake mapasa anali chiimire pakhomo la kukhitchini, chikwama cha kuntchito chikadali paphewa. Ankasita zovala m'nyumba ina yochapira, ndipo Loweruka ankaweruka masana mapazi atatupa mpaka nsapato kuthina.

"Sitiizimitsa."

"Chiigulireni?"

"Chimwalirireni mwana."

Mmisiri anasiya kutokosa. Anapepesa motsitsa mawu, iwo n'kungogwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yadutsa kale. Anthu ankawatchulabe Amake mapasa ngakhale kuti pa mapasawo panatsala mmodzi. Panalibe amene anawapezera dzina lina, ndipo iwo analibe nthawi yolifunafuna.

"Vuto lake si lalikulu," anatero mmisiri. "Ayeziyu watseka njira ya mphepo, n'chifukwa chake pansipa sipakuzizira. Mkaka ukusasa, eti?"

"Ukusasa. Nyama ndinataya dzana."

"Injini ikulimbana usana ndi usiku. Ikangopsa, basi, mudzaisandutsa kabati ya nsapato. Mankhwala ake n'kuizimitsa, zitseko n'kuzisiya chitsegulire mpaka mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mayi."

Anakokanso mwamphamvu, chitseko n'kutseguka ndi phokoso. Mkati munali mbee, ayezi atakuta mbali zonse, kungotsala kaphanga pakati. M'kaphangamo munali tikapu tinayi ta pulasitiki, todzaza ndi madzi oundana. M'kapu iliyonse munaima kamsilikali kotalika ngati chala, kopentedwa mosamala, mfuti ili pachifuwa.

Mmisiri anasuzumira, n'kuseka.

"Izi mumadyera chiyani?"

"Tsekani."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwa Amake mapasa. Mwana wawo wamkazi anali ataima m'kanjira kopita kuzipinda, atavala juzi ya mlongo wake, tsitsi losapesa.

"Achemwali, ine ndimangofuna kuona…"

"Tsekani. Mukulowa mphepo yotentha."

Mmisiri anatseka. Anayang'ana mayi, anayang'ana mwana, n'kuyamba kulongedza zitsulo zake.

"Mukagwirizana mundiimbire," anatero ali pakhomo. "Koma mmene ikulirira umo, siifika kumapeto kwa mwezi."

Zidolezo zinali za masewera. Mnyamata wa Amake mapasa, akadali moyo, ankasonkhanitsa mlongo wake ndi anzawo awiri Loweruka lililonse masana patebulo la pabalaza. Anthu akuluakulu, a ntchito zawo. Iye ankakhala kumutu kwa tebulo, kuseri kwa katoni yopindidwa patatu, n'kumasimba nkhani. Ankamutcha mwininkhani. Enawo aliyense anali ndi msilikali wake, ankamuyankhulira, ndipo akafuna kuchita chinthu chovuta ankaponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Nkhani yake inali ya dziko litapsa ndi mabomba, mizinda itasanduka phulusa, ndiponso ya kagulu ka asilikali amene anagonekedwa m'mabokosi ozizira pansi pa nthaka kuti adzadzutsidwe utsi ukadzatha. Amake mapasa ankazimva zonsezi kudzera pakhoma akusita zovala za pakhomo, ndipo ankangoti, "Anzanu akumanga mabanja, inu mukumanga mizinda ya makatoni."

Loweruka lomaliza, asilikaliwo anavulala pankhondo ina, n'kubwerera m'mabokosi awo kuti akagonenso zaka zana. Mnyamatayo sankachita zinthu mwatheka. Anatenga tikapu, anathiramo madzi, n'kuumitsa zidolezo m'firiji ya amayi ake. Anaikanso lamulo: msilikali amasungunukira patebulo pokha, mwininkhani ali pampando. Wosungunukira kwina kulikonse wafa, ndipo sabwereranso m'nkhani. Anati adzawadzutsa Loweruka lotsatira. Lachinayi lole inamuomba akuchokera kuntchito panjinga.

Tsiku loika maliro magetsi anazima m'mawa. Anthu akukwera magalimoto opita kumanda, mtsikanayo anali kukhitchini akukulunga firiji ndi mabulangete. Anamuitana, anamukoka, azakhali ake anamukalipira, koma sanapite. Kuyambira pamenepo sanatulukenso pageti. Akusitolo ya nsapato kumene ankagwira ntchito anaimba, anaimba, mpaka anasiya. Anzake ankamutcha Sajeni, potengera msilikali wake, koma amayi ake anali asanalitchulepo dzinalo n'kamodzi komwe. Ankangoti "iwe".

Mmisiri atapita, Amake mapasa anaika chikwama pansi.

"Iwe, wamva zimene anena bambowa?"

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Tigule ina."

"Ndi masamba a mitengo?"

Sajeni anakankha chitseko cha firiji ndi chikhatho kuti aone ngati chatsekeka bwino, n'kubwerera kuchipinda.

Amake mapasa anayang'ana pulagi pakhoma. Inali pafupi, yongofuna zala ziwiri. Anali ataiyang'ana chomwechi kangapo konse, ndipo ankadziwa mapeto ake: akanatsala ndi firiji yabwino, ndi mwana amene sakanadzawayankhulanso. Sanamve mkwiyo. Sanamvenso chisoni. Mumtima mwawo munali ngati mwendo wochita dzanzi, woti ukautsina umangoona zala zako zikugwira ntchito. Anatulutsa foni m'chikwama n'kuimbira mmodzi wa anzake a ana aja.

"Ndine amake mapasa. Mubwere mudzatenge zidole zanu. Lero. Mubwere ndi wamfupi uja."

Anafika dzuwa litangopendeka. Woyamba kulowa anali Namwino, mayi wojintcha, akadali mu yunifolomu ya kuchipatala. Kumbuyo kwake kunali Chimphona, wometa anthu tsitsi, kamunthu kowonda kolekeza m'khwapa mwa Namwino. Dzinalo analitengera kwa msilikali wake, amene ankanyamula mfuti yolemera kuposa onse. Awiriwa anali asanapondemo m'nyumbamo chiikireni maliro.

Pabalaza anaima ngati alowa m'tchalitchi mochedwa. Tebulo linali mmene analisiyira. Mapu ojambula pamanja anali chiyalire, atatuwa ndi fumbi. Madayisi anali m'mbale yaing'ono, katoni ili chilili kumutu kwa tebulo. Amake mapasa anali atazolowera kudyera kukhitchini chiimirire.

"Amayi, mutikhululukire, tinasowa," anatero Namwino.

"Munasowa. Khalani."

Anakhala, aliyense pamalo pake pakale, osaganiza n'komwe.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero Amake mapasa. "Firiji ikufa. Aliyense atenge chidole chake. Muli ndi mafiriji kwanu."

Chimphona anakanda m'mutu.

"Amayi, kwathu n'kutali. Ndi dzuwa limeneli, ndikamafika ndidzakhala ndanyamula madzi m'thumba."

"Ine ana anga amanyambita chilichonse chimene chazizira," anatero Namwino. "Sichingagone tsiku."

"Ndiye chisungunuke. Ndi pulasitiki."

"Akasungunuka popanda mwininkhani ndiye kuti wafa, Amayi," anatero Chimphona.

"Amene wafa ndi mwana wanga."

Ananena ngati akutchula mtengo wa sopo. Kukhitchini injini ya firiji inkabuula, n'kupuma pang'ono, n'kuyambiranso.

"Chabwino," anatero Amake mapasa. "Mmodzi wa inu akhale mwininkhaniyo. Muzidzutse zinthuzi, ine ndizimitse firiji yanga."

Namwino anayang'ana Chimphona.

"Usandiyang'ane, asisi. Ndinayesapo tsiku lija mawu atamuthera malemu ndi chifuwa. Ndinapha gulu lonse ndi mbuzi, tiyi asanapse."

"Ya mitu iwiri," anatero Namwino. "Inatitha ngati masamba."

"Inali mbuzi yoopsa."

Onse anatsala pang'ono kuseka. Chimphona anayang'ana mpando wakumutu kwa tebulo, n'kugwetsa nkhope.

"Paja pokha sindingakhalepo, Amayi. Miyendo ikana."

"Inenso ayi," anatero Namwino. "Kuchipatala ndimatseka maso a anthu tsiku ndi tsiku, koma paja ayi."

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Sajeni anali atamva mawu awo. Anabwera mwakachetechete, osapereka moni, n'kukhala pampando wake wakale, manja atawabisa m'mikono ya juzi. Sanabwere kudzacheza. Anabwera kudzalondera.

"Sajeni," anatero Chimphona, n'kuyamba kukweza dzanja pamphumi monga ankachitira. Analitsitsa lisanafike.

Amake mapasa anali chiimire nthawi yonseyi. Mapazi ankagunda ngati ali ndi mitima yawoyawo. Tebulo linali ndi mipando inayi, ndipo itatu inali ndi anthu. Anakoka wotsalawo, anakhala, n'kuvula nsapato.

Atakweza maso anapeza onse atatu akuwayang'ana.

"Amayi, dzukanipo," anatero Sajeni.

"Sindidzuka. Ndaima kuyambira m'mawa."

"Pamenepo ndi pa iye."

"Mpandowu ndinagula ine, nonse awiri musanabadwe."

Chimphona anatsokomola.

"Sajeni, paja lamulo lija… wakhala pampando ndiye mwininkhani."

"Khala chete, iwe."

"Ndikungokumbutsa. Analinena yekha tsiku la mbuzi lija. Anati ngakhale mphaka atakhalapo, timumvera."

"Ananenadi," anatero Namwino, maso ali pamapu.

Miyezi yonseyi Sajeni anali akulondera lamulo la mlongo wake. Sakanatha kusunga limodzi n'kuthyola linzake, poti onse anatuluka pakamwa pamodzi.

Amake mapasa anayang'ana kuseri kwa katoni. Anali asanaoneko chiyambire. Ankayesa kuli zinthu zambiri, koma kunali dayisi limodzi lakuda, cholembera chotafunidwa kumapeto, ndi chizindikiro chozungulira pamene kapu ya tiyi inkakhala. Anasuntha cholemberacho ndi chala.

"Ndiye kuti ndikanena kuti adzuke, adzuka?"

"Eya, Amayi," anatero Namwino.

"Iwe wamfupi, pita ukatenge makapu aja. Ubweretsenso beseni ndi madzi ofunda a m'ketulo. Ukatero uzule pulagi, zitseko usiye chitsegulire."

Chimphona anayang'ana Sajeni. Sajeni anayang'ana mapu. Sanalole, koma sanakanizenso. Chimphona ananyamuka.

Otsalawo anamva chitseko cha firiji chikulira, makapu akugundana, madzi akuthiridwa. Kenako injini inaleka. Bata limene linagwa m'nyumbamo linali lachilendo, moti makutu a Amake mapasa anayamba kulira okha.

Beseni linaikidwa pakati pa mapu, tikapu tinayi tili m'madzi ofunda. Ayezi anayamba kuthetheka, n'kumasuka m'mphepete.

"Tsopano mumayamba ndinu," anatero Namwino. "Mumatiuza pamene tili."

Amake mapasa anapuma mozama.

"Muli m'chipinda. Mukuzizira. Muli mdima. Basi."

"Malemu ankawonjezerako pang'ono," anatero Chimphona. "Mwina phokoso, mwina fungo…"

"Mukununkha mkaka wosasa."

Namwino anaseka kamodzi kudzera m'mphuno, n'kugwira pakamwa.

"Watidzutsa ndani?"

Anafunsa ndi Sajeni. Mawu ake anali aang'ono, koma linali funso loyamba kuwafunsa amayi ake chichitikireni maliro. Amake mapasa anakumbukira zimene ankamva pakhoma: m'nkhanimo munali munthu woyang'anira makina, amene anayenera kudzatsegula mabokosi nthawi ikakwana.

"Palibe," anatero. "Makina atopa, azima okha. Amene anati adzakudzutsani sanabwere."

"Chifukwa chiyani?"

"Sanabwere basi. Mwadzuka nokha."

Sajeni anayang'ana beseni. Mutu wa msilikali wake unali utayamba kuonekera pamwamba pa madzi.

Chimphona anafotokoza mofulumira, ngati munthu amene akuopa bata. Msilikali aliyense akamadzuka, mwini wake amaponya dayisi la mbali makumi awiri. Likagwa pansi pa 5, mtima wa msilikaliyo wakana kuyambanso kugunda. Likagwa pa 5 kapena kupitirira, wadzuka.

Anayamba yekha. Analiuzira mpweya, analipukusa, n'kuliponya. Linagwa pa 6.

"Aaa! Imfa yandinunkhiza n'kundisiya!"

"Yaona kuti palibe nyama," anatero Namwino, n'kuponya lake. Linagwa pa 14. Anavuula msilikali wake m'madzi n'kumuimika pamapu.

Sajeni analigwira dayisi nthawi yaitali. Amake mapasa sanamufulumizitse. Anaona kuti zikhadabo za mwanayo zakula, ndiponso kuti mkono wake wawonda mpaka juzi kuzungulira. Zimenezi anali akuziona tsiku lililonse, koma chapatali, mbale ikulowa m'chipinda ndi kutuluka. Kenako dayisi linagudubuzika, linagunda beseni, n'kuima pa 11. Sajeni anatulutsa msilikali wake, n'kumupukuta ndi mkono wa juzi, kumaso, kumsana, pansi pa nsapato.

M'beseni munatsala mmodzi. Kapu yake inali yakumbuyo kwenikweni m'firiji, ndipo ayezi wake anachedwa kusungunuka. Anali ndi chipewa chosiyana ndi enawo, dzanja limodzi ataloza kutsogolo.

"Uyu ndi wa ndani?"

"Ameneyo ndi Kaputeni," anatero Namwino. "Mtsogoleri wathu. Ankamuyankhulira mwininkhani."

Amake mapasa anawakumbukira mawuwo. Mwana wawo ankawakulitsa dala, ngati bambo wachikulire wosuta fodya, n'kumakalipira asilikali ake mpaka iwo kugogoda pakhoma kuti achepetse phokoso.

"Mumamuponyera ndinu," anatero Chimphona. "Kuseri kwa katoni. Ife sitiona. Chimene munene ndi chomwecho."

Amake mapasa anatenga dayisi lakuda lija. Linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira. Analiponya monga amaponyera batani lothothoka m'kabotolo. Magalasi awo anali m'chikwama, choncho anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda tebulo.

18.

Anakhala chiweramire. Nambalayo inali yoonekeratu, yoyera pa chakuda. Kaputeni wadzuka, ndipo wadzuka wamphamvu. Anaona zimene zikanatsatira monga amaonera mulu wa zovala n'kudziwa kuti udya maola angati. Mwanayu akanamufunsa Kaputeni kuti tilowere kuti. Iwo akanayenera kukulitsa mawu n'kuyankha ngati mnyamata wawo. Loweruka lino, Loweruka linalo. Ndipo tsiku limene mawuwo akanalephera kufanana, chidolecho chikanabwerera m'kapu, kapu m'firiji, mwana kuchipinda.

Anaphimba dayisi ndi chikhatho, n'kuwongoka.

"Sanadzuke."

Chimphona anavula kapusi yake. Namwino anatseka maso.

"Lagwa pa chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Mwininkhani safunsidwa," anatero Chimphona motsitsa.

"Amayi. Lagwa pa chiyani?"

"Wamva zimene wanena mnzako. Sanadzuke. Bokosi lake latseguka ngati enawo, koma iye ali gone. Wazizira. Mwamugwedeza, mwamuitana. Madzi akatayika saoleka."

Sajeni anawayang'ana m'maso. Amake mapasa sanaphethire. Ngodya za dayisi zinkawabaya m'chikhatho. Ngati mwanayo anaona kanthu pankhope pawo, sananene.

Panali funso lina limene Amake mapasa analimva pakhoma mwina kambirimbiri, moti nthawi zina ankalilota. Linatuluka lokha.

"Mukuchita chiyani?"

"Ine ndikufufuza zida m'chipindamo," anayamba Chimphona. Namwino anamuponda phazi pansi pa tebulo.

Madzi ankadontha kukhitchini, dontho limodzi, kenako lina.

"Ndikumunyamula," anatero Sajeni.

"Ndi wolemera."

"Ndinyamulabe."

"Wamunyamula. Pali masitepe. Kunja kuli phulusa lokhalokha, ndi dzuwa."

"Ndikukumba."

"Ulibe fosholo."

"Ndikumba ndi chisoti."

"Ponya."

Linagwa pa 3.

"Nthaka yakana," anatero Amake mapasa. "Ndi youma. Wangopala pamwamba."

"Ine ndikuthandiza," anatero Namwino, n'kusunthira msilikali wake pafupi.

"Inenso. Chimphona akukumba ndi manja. Manja ake ndi ngati mafosholo awiri."

"Chabwino. Mwakumba atatu. Pansi pali miyala, ndiye zatenga nthawi." Amake mapasa anayang'ana Kaputeni, amene tsopano anali atagona chammbali pansi pa beseni, ayezi yense atatha. "Dzenje lakwana. Mwamanga zingwe. Chingwe cha kumutu chinali chachifupi, ndiye bokosi linalowa chopendekeka. Bambo wina anatsikira m'dzenjemo kukaliwongola. Potuluka nsapato yake inatsalira, anachita kuivuula ndi ndodo. Ana ena anaseka, amayi awo n'kuwatsina."

Namwino anakweza mutu. Tsiku la maliro lija anali ataima kumbuyo kwa Amake mapasa, atawagwira mkono.

"Kunali mphepo," anapitiriza Amake mapasa, mawu ali chimodzimodzi, osakwera osatsika. "Nyimbo inkapita kwina, anthu ankaimba kwina. Anandipatsa dothi m'dzanja. Linali lotentha. Ndinaliponya, linalira pabokosi ngati mvula yoyamba pamalata. Kenako anati mlongo wake aponye. Anthu anatembenuka kukufunafuna. Ndinati, ali kunyumba. Ndinatapanso lina, ndinaponya kachiwiri."



"Pali mtengo pafupi?" anafunsa Sajeni.

"Ulipo. Waung'ono. Masana supereka mthunzi, koma udzakula."

Sajeni anapisa dzanja m'beseni n'kutulutsa Kaputeni. Anamupukuta monga anapukutira wake. Anadzuka, anapita kukhitchini, n'kubwera ndi supuni. Pawindo la pabalaza panali mphika wa maluwa amene anauma kalekale osathiriridwa. Anakumba ndi supuniyo, dothi louma likugwera pansi, anagoneka chidolecho, n'kukwirira ndi zala. Sanalire. Anakanikiza dothi ndi chala chachikulu mpaka linasalala, n'kukhalabe chiimire pamenepo, nsana uli kwa anthu.

Chimphona anapukuta mphuno ndi kapusi.

"Amayi, kodi… tilekezera pomwepa?"

"Pomwepa. Ndili ndi ntchito."

Namwino anayamba kutolera madayisi.

"Nanga Loweruka likubwerali?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Ine za mabomba sindizidziwa."

"Za mkaka wosasa zomwezo zili bwino."

"Ndimaweruka masana. Mubwere mutadya. Ndipo mapuwa muwapinde, tebulo ili ndi lodyerapo."

Anawapinda mosamala, anatsanzika, n'kupita. Amake mapasa anadikira mpaka geti litatsekeka. Kenako anachotsa chikhatho padayisi. Ngodya zake zinali zitasiya timaenje pakhungu. Analitembenuza ndi chala kuti nambala ija iyang'ane pansi, n'kuliponya m'mbale mwa anzake.

Kukhitchini madzi anali atayenderera kuchokera pansi pa firiji mpaka pakhomo. Chibuma cha ayezi chinagwa mkatimo n'kusweka. Amake mapasa analowa opanda nsapato, madzi ozizira n'kuwakomera kumapazi otupa aja. Anatenga chikolopa ndi ndowa, n'kuwerama.

"Patseni."

Sajeni anali atapinda mikono ya juzi mpaka m'zigongono. Analanda chikolopacho, anagwada, n'kuyamba kukokera madzi kumbali imodzi. Ankakolopa moipa, kusiya mizere, koma amayi ake sanamuuze.

"Kumandako," anatero Sajeni, osakweza mutu, "basi imafika?"

"Imatsitsa pamsewu. Kwinako n'kuyenda."

"Mawa mukandionetse."

Amake mapasa anayang'ana tsitsi losapesa lija, ndi khosi lowonda likutuluka m'juzi ya mwini wake. M'chifuwa mwawo munayamba kunyerenyetsa, monga umachitira mwendo wadzanzi magazi akayamba kubwerera. Sizinali zokoma. Anagwira m'mphepete mwa sinki mpaka zinachepa.

"Uvale nsapato zotseka, Sajeni," anatero. "Kuli minga."

Anatenga foni n'kuimbira mmisiri kuti abwere Lolemba.